Titaniyamu alibe matsenga, vuto ndi kumutenga ngati chitsulo wamba

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga ndiyankhulepo pa nkhani ya titaniyamu chifukwa makutu anga atopa ndi zonena ziwiri, zonse zolakwika. Ena akuti chitsulo chimenechi ndi cholimba kuposa china chilichonse padziko, sichidulika sichibooleka, munthu wamba usayerekeze n'komwe. Ena akuti aaa chitsulo ndi chitsulo basi, mmene umachitira ndi cha geti ndi mmenenso uchitire ndi ichi. Ine ndinali m'gulu lachiwirili ndipo linandidyera mabiti a drill anayi madzulo amodzi, nde ndati ndilembe kuti mwina wina asadutse momwe ndinadutsa ine. Si ine injiniya ayi, ndili ndi ka lathe kakang'ono (makina ozungulitsa chitsulo pochisema) ndi drill ya patebulo, ndimapanga timphete, mikanda, zigwiriro za mipeni ndi tina ndi tina pongosangalatsa mtima ndikaweruka.

Tsiku limenelo ndimafuna kuboola bowo la mamilimita 6 pa kapuleti ka titaniyamu wa mtundu wolimba umene amautcha Grade 5. Ndinaika biti yatsopano, liwiro lomwe lija ndimaboolera chitsulo wamba, kadontho kamodzi ka oyilo, ndikuyamba. Poyamba inalowa bwinobwino mpaka ndinaseka kuti anthu amangokokomeza, koma pasanathe masekondi angapo kunamveka kulira kwina kwake kolasa m'makutu, kautsi kakutuluka, ine mwamantha ndikufewetsa dzanja kuti biti ipumeko koma ili momwemo ikuzungulira. Apa ndi pomwe ndinaonongera zonse. Nditakweza, nsonga ya biti inali yabuluu, yobuntha ngati msomali. Ndinaika yachiwiri pa bowo lomwelo, iyo nde sinachedwe n'komwe, inafera pakhomo. Chimene chinandizunguza mutu ndi choti nditakhudza puletiyo chakumphepete inali yongofunda pang'ono chabe, pamene biti ukanati uikhudze ikanakusiyira chipsera.

Nkhani yonse ya titaniyamu yagona pamenepo. Iyeyu sayendetsa kutentha. Pa muyeso wa kayendetsedwe ka kutentha umene aluminiyamu weniweni amapeza kupitirira 200 ndipo chitsulo wamba chimapeza pafupifupi 50, Grade 5 amapeza 7 yokha. Ukamadula aluminiyamu kutentha kumathawira m'chidutswa chonse ndi m'zometa zimene zikugwa, koma kwa titaniyamu kulibe kothawira, kumangounjikana pa nsonga ya chida chako mpaka chitafewa. Ndiye pali chachiwiri, ukasiya chida chikungokhula osadya, pamwamba pa chitsulocho pamauma gwa, ndipo chida chotsatira chimakumana ndi khungu lolimba kuposa loyamba lija. Kufewetsa dzanja kwanga kuja ndinkati ndikuchitira chifundo biti pamene ndinkakonzera inzake manda.

Mmene ndimachitira pano ndi zosemphana ndi zimene mtima umafuna. Liwiro lichepe koma dzanja likanikize ndithu, chida chizidya nthawi zonse. Ndi biti ya HSS, chitsulo chija amapangira mabiti wamba, pa Grade 5 liwiro la mamita 10 pa mphindi ndi labwino, zimene pa biti ya mamilimita 6 zikutanthauza kuzungulira ka 500 pa mphindi kapena apo, osati 1500 ija ndinkathamanga ine. Zida za carbide, zomwe ndi zouma kuposa HSS, zimalola kuthamangako, mamita 30 mpaka 60 pa mphindi, koma zimafuna makina osagwedezeka apo ayi zimabenthuka. Biti ikhale ya HSS yosakaniza ndi cobalt, yakuthwa zenizeni, bola ya nsonga ya madigiri 135, ndipo madzi oziziritsa azithiridwa mosaumira, osati kadontho kamodzi ngati mankhwala a m'maso. Bowo likamazama uzitulutsa biti yonse kunja kuti zometa zichoke kenako kubwerera ndi mphamvu, chachikulu usaime m'kati ikuzungulira. Ndipo biti ikangoyamba kubuntha isinthe pompo, osati kunena kuti imalize kabowo aka kokha.

Palinso khalidwe lina limene anthu sanena kawirikawiri. Titaniyamu ndi wamphamvu inde koma amapindika ndi kubwerera ngati sipuling'i, pafupifupi kawiri poyerekeza ndi chitsulo wamba. Pa lathe kandodo kowonda kamathawa chida, nde iwe waika kuti uchotse pang'ono, ukayeza ukupeza sikanachoke konse, ukawonjezera kakuyamba kunjenjemera ndi kusiya timizere pathupi ponse. Mankhwala ake ndi kugwira pafupi, osatulutsa ndodo yaitali kunja kwa chuck, chogwirira ndodo chija, ndipo ngati n'kotheka kuchirikiza mbali inayo ndi tailstock, chochirikizira cha kumapeto kwa lathe. Khalidwe lomweli ndi limene limathyola ma tap, zida zodulira mazinga a bawuti m'bowo, bowo limabwerera n'kukumbatira tap, ukati utembenuze pang'ono kubwerera m'mbuyo umangomva kuti thyo. Ine pano ndimaboola bowo lokulirapo pang'ono kuposa limene tebulo la mazinga lanena, mazinga amakhala osazama kwambiri koma pa chitsulo champhamvu chonchi amagwirabe. Komanso titaniyamu amakonda kumatirira pa zitsulo zinzake akamakhulana, bawuti ya titaniyamu mu nati ya titaniyamu ukamanga youma ikhoza kugwirana mpaka osamasukanso, nde pakani mafuta oletsa kugwirana aja amati anti-seize nthawi zonse.

Amene akuona ngati ndi ife a m'magalaja okha amene timavutika afunse a Lockheed, kampani yopanga ndege ya ku America. Pomwe amapanga ndege zija za A-12 ndi SR-71 cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndege zimene mbali yaikulu ya thupi lake inali titaniyamu, anaona zakuda. Mabiti amatha ataboola mabowo owerengeka. Mitu ya mabawuti imaduka ikatenthedwa, atafufuza anapeza kuti ndi cadmium wa pa masipanala awo amene amatsalira pa chitsulocho. Zigawo zowotcherera m'nyengo yotentha zimaonongeka msanga pamene za m'nyengo yozizira zili bwino, kenako anatulukira kuti ndi chlorine amene amawonjezedwa m'madzi a pampopi a ku Burbank nyengo yotentha, madzi omwe amatsukira zigawozo, mpaka anasintha n'kuyamba kutsukira madzi oyeretsedwa opanda chlorine (distilled). Choseketsa kwambiri n'choti titaniyamu wambiri anachokera ku Soviet Union komwe ndegezo zimakonzedwera kuti zikazonde, ankagula mozembera kudzera m'makampani ongopeka. Nde ngati akuluakulu a ndalama zawo anathyola mabiti, ine ndi anayi anga aja sindichita nawo manyazi.

Musanadule chilichonse dziwani kuti muli ndi titaniyamu wanji, chifukwa dzina ndi limodzi koma ana ake ndi osiyana. Grade 2 ndi titaniyamu pafupifupi yekhayekha, wofewerapo, amapindika bwino, amadulika mosavutirapo ngakhale amakhala wamatamata pa chida. Grade 5 ndi uja amalemba Ti-6Al-4V, muli aluminiyamu 6 pa 100 ndi vanadium 4 pa 100, ndi wamphamvu kuposa Grade 2 kawiri ndi kupitirira, ndipo ndi amene amapezeka kwambiri. Grade 9 ali pakatikati, ndi uja amapangira mapaipi a mafelemu a njinga. Wongoyamba kumene ayambe ndi Grade 2, ili ndi langizo langa, adzalira mochepa. Ndipo chenjerani pogula, ine wina anandigulitsapo ndodo akuti titaniyamu, kufika nayo ndikuona ikulemera modabwitsa, inali stainless. Maginito sangakuthandizeni kwenikweni chifukwa stainless wina nayenso sagwira maginito. Sikelo ndiyo siinama, titaniyamu amalemera magalamu 4.5 pa cubic centimetre pamene stainless ali chakuma 7.9 ndipo aluminiyamu 2.7, nde ukayeza kukula kwa ndodo ndi kulemera kwake yankho limatuluka lokha. Njira yachangu ndi kukhudzitsa pa girayinda, titaniyamu amatulutsa masipaki oyera mbee othobwa m'maso, chitsulo wamba achikasu ofiirira, aluminiyamu satulutsa kanthu.

Kudula kwake pa mtengo sikuti ndi wosowa ayi, m'nthaka alimo wambiri, ndi wachi 9 pa zinthu zochuluka m'khungu la dziko, ndipo mbali yaikulu ya miyala yake imathera ku penti woyera. William Gregor anamutulukira mu mchenga wakuda ku Cornwall mu 1791, Martin Klaproth anam'patsa dzina mu 1795, koma kumulekanitsa ndi mpweya wa okosijeni umene anagwirana nawo kunavuta zaka zoposa 100, mpaka William Kroll wa ku Luxembourg anapeza njira yogwiritsa ntchito magnesium cha m'ma 1930, yomwe mpaka lero ndi imene mafakitale ambiri akutsata. Ndatchula izi dala chifukwa chikondi chimenechi cha titaniyamu ndi okosijeni ndi chimene chimabweranso pa nkhani yowotcha.

Apa nde ndikufuna ndichedwepo chifukwa ndi pomwe pali bodza lalikulu. Anthu amaona osula mipeni akutenthetsa chitsulo mpaka kufiira, kuviika mu oyilo, chatuluka cholimba moti tupa ikungotsetsereka, nde amati ndichita chimodzimodzi ndi titaniyamu ndikhale ndi mpeni wosabuntha. Sizitheka abale. Chimene chimaumitsa chitsulo cha mpeni ndi carbon amene ali m'kati mwake, ndipo mpeni wabwino umafika 58 mpaka 62 pa muyeso wa kuuma kwa zitsulo wa Rockwell C. Grade 5 amabwera ali chakuma 36, ndipo ngakhale umuchitire zonse mwa ndondomeko amakwera kufika chakuma 41 basi. Grade 2 nde olo umuwotche usiku wonse n'kumuviika m'madzi oundana sauma. Mipeni ya titaniyamu ilipo inde, anthu osambira pansi pa nyanja amaikonda, koma chifukwa chake n'choti sichita dzimbiri m'madzi amchere, osati kuti imasunga kuthwa. Pa mpeni titaniyamu malo ake ndi chigwiriro, kudula asiyireni steel.

Ndondomeko yeniyeni youmitsira Grade 5 ndi yotere, amamutenthetsa chakuma madigiri 950 kwa pafupifupi ola, pansi pang'ono pa madigiri 995 pomwe m'kati mwake mumasinthiratu, kenako kumuviika m'madzi mwachangu m'masekondi owerengeka, kenako kumubwezera mu ng'anjo chakuma madigiri 540 kwa maola 4 kapena kuposerapo. Pa pepala zikuoneka zophweka. Vuto ndi loti akangopitirira madigiri 600 kapena apo ali pa mpweya wamba amayamba kumwa okosijeni, ndipo pamwamba pake pamapangika khungu louma koma losweka ngati galasi lomwe amati alpha case. Khungu limeneli limachita timing'alu tosaoneka ndi maso ndipo mng'alu ukayamba umalowa m'kati. Ena akaona tupa ikutsetsereka pa khungulo amasangalala kuti ndaumitsa, pamene aononga chinthu. N'chifukwa chake mafakitale amawotchera mu ng'anjo yopopedwa mpweya wonse kapena yodzaza gasi wa argon amene sagwirana ndi chitsulo, apo ayi amasiya chitsulo chonenepa kuti akamaliza asenge khungu lonselo. Owotcherera ndi TIG, njira yophimba weld ndi gasi wa argon, amadziwa zomwezi, weld ya titaniyamu ikatuluka yasiliva kapena yachikasu chofewa ndiye gasi anaphimba bwino, ikatuluka yotuwa ngati phulusa ndi yotaya. Maganizo anga ndi oti ife ongopanga zapamtima tisamavutike ndi zoumitsa, Grade 5 mmene amabweramo ndi wamphamvu kale kuposa zimene mphete kapena chigwiriro chingafune, ndipo kukwera kuchoka pa 36 kufika 41 sikulipira chiopsezo chake.

Kupolisha nako kumafuna mtima wautali. Titaniyamu samakonda kuchoka mwaulemu, amapakika, nde ukathamangitsa wilo ndi mphamvu kuti umalize msanga chidutswa chimatentha malo amodzi mpaka chala kupsa, pamwamba n'kuchita timabampu ngati khungu la lalanje, ndipo mikwingwirima siichoka imangokwiririka n'kudzatulukira kumapeto utatopa kale. Mphete yanga yoyamba ndinalumpha kuchoka pa sandipepa wa 220 kupita pa 800 kuti ndisunge nthawi, kenako pa wilo, inawala ndithu koma nditaiika pansi pa nyale mizere ya 220 ija inali yonse mbwee ikundiyang'ana. Ndinabwerera poyambira. Pano ndimayenda ndi sandipepa wakuda uja wa silicon carbide ali wonyowa, 220, 400, 600, 800, 1200, mpaka 2000, ndipo pa sitepe iliyonse ndimasintha kolowera, ngati uyu ndakhula chotalika winayo ndikhula chopingasa, kuti ndione ndi maso kuti mizere ya m'mbuyo yatha ndisanapitirire. Pomaliza diamond paste pa kansalu kapena wilo yofewa yoyenda pang'onopang'ono, osakanikiza, kumapumira kuti chizizire. Wilo ndi sandipepa zimene zakhulapo chitsulo wamba zisayandikire, zimasiya tizitsulo timene timadzachita dzimbiri pamwamba pa titaniyamu, nde anthu n'kumati taonani titaniyamu wachita dzimbiri pamene si iyeyo. Kunena zoona pa zinthu zogwiragwira tsiku ndi tsiku ine ndinasiya kulimbana ndi zowala ngati kalilole, titaniyamu amakalika msanga kuposa mmene anthu amaganizira ndipo pa chowala kwambiri kakukalika kalikonse kamaonekera patali, bola kusiya ndi mizere yosalala ya 600.

Pomwe moto umagwira ntchito yabwino ndi pa makaka, ndipo ichi ndi chimene chinandikokera ku titaniyamu poyamba. Ukatenga chidutswa chopolisha bwino, kuchitsuka ndi acetone, osachikhudzanso ndi zala, n'kuchiyendetsa lawi la gasi pang'onopang'ono, chakuma madigiri 400 chimayamba kusintha, choyamba ngati udzu wouma, kenako bulawuni, pepo, buluu wakuda, buluu wowala, ukapitiriza chimatuwa ndipo apo kulibe kubwerera koma kukhulanso. Mulibe utoto mmenemo. Ndi kakhungu kopyapyala kwambiri ka oxide komwe kamasewera ndi kuwala monga mmene dontho la oyilo pamadzi limaonetsera utawaleza, kakhunguko kakamanenepa mtundu ukusintha. Chinsinsi ndi kuchotsa lawi mtundu umene ukufuna usanafike chifukwa kutentha kumapitirirabe pang'ono.

Ofuna mtundu wofanana ponseponse achite anodizing, kutanthauza kubweretsa mtundu ndi magetsi m'malo mwa moto. Madzi osungunuliramo soda wophikira, kapuleti ka stainless ku waya wa negative, chidutswa chako ku positive chopachikidwa pa waya wa titaniyamu, ziwirizi zisakhudzane m'madzimo. Apa wolamula ndi mavoti, chakuma 10 mpaka 15 umapeza bulawuni, chakuma 20 pepo wakuda, 25 mpaka 30 buluu, 55 mpaka 60 golide, chakuma 70 pinki, ndipo girini amadzabwera kumtunda chakuma 100, manambala amasuntha pang'ono malinga ndi grade ndi mmene wakonzera pamwamba. Ofiira weniweni mulibe, musavutike kumusaka. Ambiri timalumikiza mabatire a mavoti 9 motsatizana, atatu akupatsa 27 buluu wokongola zedi. Uyambe pansi kumakwera chifukwa mtundu wa mavoti apamwamba umafufuta wapansi koma wapansi sungafufute wapamwamba. Koma musapusitsidwe ndi kuchepa kwa timabatire, khumi olumikiza ndi mavoti 90 ndipo manja ali onyowa, valani magolovesi a labala ndipo muzichotsa waya musanapise dzanja. Ena pofuna makaka owala kwambiri amatsukira kaye mankhwala okhala ndi hydrofluoric acid, awa nde chonde asalowe m'nyumba, amalowa pakhungu osamva kuwawa nthawi yomweyo n'kukaononga m'kati mpaka mafupa ndipo akhoza kupha. Komanso dziwani kuti mtunduwo umafufutika pokhulana ndi makiyi m'thumba, ndipo mafuta a m'zala amauzimitsa kwakanthawi, ukapukuta umabwerera.

Chomaliza chimene chinandipangitsa kuti ndikhale pansi ndilembe kalatayi ndi moto. Chidutswa chachikulu cha titaniyamu sichiyaka, chimasungunuka pa madigiri 1668, koma zometa zopyapyala ndi fumbi lake zimayaka ngati udzu wa chilimwe. Tsiku lina ndinali nditasiya kamulu ka zometa zonga ubweya m'thireyi ya lathe, ndikunola chida pa girayinda chapafupi, sipaki imodzi inagwera mmenemo. Ndinangoona kuwala koyera ngati wina akuwotcherera kumbuyo kwanga, maso kuchita mdima, dzanja linathamangira botolo la madzi koma mwamwayi chitini cha mchenga wouma chinali pafupi kuposa botololo ndipo ndi chimene ndinakhuthulirapo. Madzi pa titaniyamu woyaka amatulutsa hydrogen ndipo akhoza kuphulika, chozimira moto cha CO2 nachonso sichithandiza chifukwa iyeyu amayakabe mu mpweya umenewo, amayaka ngakhale mu nitrogen. Chofunika ndi chozimira cha Class D, cha moto wa zitsulo, kapena mchenga wouma wambiri, kukwirira n'kusiya zizizire zokha. Madzi oziziritsa podula aja alibe vuto, iwo amaletsa moto kuyamba, oopsa ndi othira moto utayaka kale. Kuyambira tsiku limenelo ndimasesa zometa ndikangomaliza chidutswa chilichonse, ndimazisunga m'chitini chachitsulo chovindikira kutali ndi girayinda, fumbi la titaniyamu sindilisakaniza ndi la chitsulo wamba kapena la aluminiyamu, ndipo chitini cha mchenga chija ndinachigulira chinzake chomwe chimakhala kumanja kwa lathe, botolo la madzi ndinalisamutsira panja.

Ine wanu wowerenga,
Wokonda zosemasema zitsulo